Moyo wa pakhomo m'makomboni a tiyi ku Thyolo, magetsi asanafike

Anzanga, ambiri a ife tinkapita ku sukulu yathu ija kuchokera m'makomboni a m'maesiteti a tiyi, kapena m'midzi yopanikizika pakati pa minda ya azungu. Tikakumana timakonda kukumbutsana za aphunzitsi ndi za mpira, koma za kunyumba kumene tinkadzukira sitizitchula kawirikawiri. Lero tiyeni tibwerereko.

Tiyi wa malonda anayambira ku Mulanje mu 1891 pamene Henry Brown anamubzala kumeneko. Kuno ku Thyolo, kumene atsamunda ankalemba kuti Cholo, anafika pambuyo pake. Maclean Kay anatsegula Satemwa mu 1923, ndipo maina ngati Conforzi, Naming'omba, Makwasa ndi Nchima anasanduka ngati maina a midzi. Manja othyola masambawo ambiri anali a Alomwe amene anawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Malo okhala anawapeza, koma lendi yake inali thangata, ntchito yokakamiza m'munda wa mwini esiteti. Mkwiyo wa thangata unaphulika mu Ogasiti 1953 ndipo anthu anafa. Lamulo lolithetsa linadza mu 1962. Nyumba zimene tikuzikumbukirazi zinamangidwa pa mbiri imeneyi.

Tsiku linkayamba kusanache. Mayi ankafukula khala limene analikwirira m'phulusa usiku, ndipo likapezeka litazima, mwana ankatumidwa kukapala moto khomo loyandikana nalo, pakuti machesi sankawonongedwa chisawawa. Nkhuni zinali nkhani. Mitengo ya bulugamu inali ponseponse, koma inali youmitsira tiyi ku fakitale, ndipo mayi wopezeka ndi mtolo wake ankalimbana ndi alonda. Madzi ankachokera kuchitsime kapena kumtsinje, ndowa pamutu pa nkhata, kukwera zitunda zoterera za dothi lofiira lija. Akumwa ankasungidwa mumtsuko pakona pa nyumba, ndipo ine mpaka lero ndimakana kuti madzi a m'firiji amaposa amenewo.

Koma ntchito yeniyeni inali ya mtondo. Chimanga chinkakonoledwa, kupetedwa m'lichero kuti madeya achoke, mphale n'kuviikidwa masiku angapo, kenaka kutsukidwa, kusinjidwa, kusefedwa, ndi kuyanikidwa pamphasa mwana atakhala pambali kuingitsa nkhuku. Atsikana awiri ankasinja mtondo umodzi, minsi ikulandirana osagundana, ndipo phokoso lake linkamveka komboni yonse. Mgaiwa wa phoso la kuntchito tinkaudya ndithu, koma mlendo wolemekezeka sankapatsidwa umenewo. Chimanga chikatha, makaka ankalowa m'malo. Nanga kalongonda? Ameneyo ankafuna tsiku lathunthu pamoto ndi kusintha madzi kangapo, chifukwa wosapsa bwino amazunguza mutu ndi kudwalitsa. Ndiwo yoteroyo inkaphikidwa ndi mayi wodziwa, osati mtsikana wophunzira kumene.

Madzulo inali nthawi ya koloboyi, kachitini ka palafini ndi chingwe cha nsanza. Ambiri a ife masamu a Standard 8 tinawawerengera pa kuwala kumeneko, m'mawa n'kudzuka mphuno zili bii ndi mwaye. Bambo akati palafini watha, sukulu ya usikuwo yatheranso pomwepo, ndipo agogo ankayamba "Padangokhala!" ife n'kuvomera "Tili tonse!" Yunifolomu inkasitidwa ndi simbi ya makala, yobwereka nthawi zambiri, ndipo kakhala kamodzi kothothoka kankasiya chiboo chimene unkayenda nacho chaka chonse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa, zovala sizinkauma masiku atatu. Tinkaziyanika pamwamba pa moto n'kupita m'kalasi tikununkha utsi.

Magetsi a ku Nkula anayamba mu 1966, koma mawaya ake ankalunjika ku fakitale ndi kunyumba za mabwana, kudutsa pamwamba pa madenga athu. Chimene chinatifikira msanga ndi wailesi. MBC inayamba mu 1964, ndipo khomo lokhala ndi wailesi ya Nzeru linkadzaza anthu madzulo. Mabatire akafooka ankayanikidwa padzuwa kuti apume. Makalata ochokera ku Joni, kumene amuna ankapita pa Wenela, ankawerengedwa ndi ife ana a sukulu, ndipo potero tinkadziwa zinsinsi za mabanja zimene sizinali za msinkhu wathu. Kwacha ndi tambala zitabwera mu 1971, agogo anapitirizabe kuwerengera m'mashelengi kwa zaka zambiri.

Chodabwitsa n'chakuti tiyi wabwino ankakwera sitima pa Luchenza kupita ku Beira mpaka ku London, pamene pakhomo pa womuthyola tiyi wa shuga ndi mkaka, ndi buledi wopaka majarini, ankadikira Khirisimasi. Masiku wamba inali mbatata, chinangwa, chigumu kapena nthochi zowiritsa.

Tikamati kale kunali bwino, tizikumbukira kuti tikunena ife amene tinali ana. Mayi amene ankaweruka m'munda dengu la masamba litamuthyola msana, kapitawo atadula makilo pa sikelo ati masamba ndi onyowa, n'kufikira pa mtondo, sanalire pamene chigayo chinafika pafupi. Mjigo utakumbidwa, atsikana ambiri anayamba kufika m'kalasi belu lisanalire. Anzathu angati anzeru kuposa ife amene anasiyira panjira chifukwa cha fizi, maphunziro aulere a pulayimale asanabwere mu 1994, kapena chifukwa chosowa wolera mwana pamene mayi ali ku tiyi?

Zipangizo zimenezi zikutha msanga. Amene mukusungabe simbi ya makala, koloboyi, wailesi ya Nzeru kapena tikiti yakale ya kuntchito ya bambo anu, mubwere nazo ku msonkhano wathu wotsatira kuti ana a sukulu adzazione ndi kuzigwira.