Mmene America Inaphunzirira Kuteteza Nyumba Zoulutsira Mawu ku Bomba la Nyukiliya

Mu 1951, boma la Harry Truman litakhazikitsa dongosolo la CONELRAD, mantha anali akuti ndege za adani zidzalondola mafunde a wailesi mpaka kufika m'mizinda. Choncho nkhondo ikabuka, nyumba zoulutsira mawu zambiri zinayenera kuzimitsa makina, zotsalazo n'kumasinthana pa 640 kapena 1240 kHz. Nthawi imeneyo kuteteza wailesi kunali kuibisa basi. Maganizowa anasintha pa 9 Julayi 1962, pamene America inaphulitsa bomba makilomita 400 pamwamba pa chilumba cha Johnston. Ku Hawaii, mtunda woposa makilomita 1,400, nyale za mumsewu pafupifupi 300 zinazima ngakhale moto sunafikeko. Chinafika ndi mphamvu ya magetsi yotchedwa EMP, imene imalowera m'mawaya aatali ndi m'milongoti ya chitsulo n'kupsereza makina. Nyumba youlutsira mawu ili nazo zonse ziwirizi.

Chodabwitsa n'chakuti luso likamapita patsogolo, vutoli linkakula. Makina akale a mavavu ankapirira ndithu, koma matiranzisita amene anawalowa m'malo amapsa msanga, ndipo zotchinga mphezi wamba zimachedwa chifukwa EMP imathamanga kuposa mphezi. N'chifukwa chake boma, lomwe linayamba ndi kupatsa nyumbazi majenereta ndi zipinda zobisaliramo, linawonjezera zipangizo zotchinga mphamvuyi pa mawaya olowa. Lero bungwe la boma loona za ngozi zadzidzidzi la FEMA limagwira ntchito ndi nyumba 77 zosankhidwa, zofikira anthu oposa 90 pa 100 alionse m'dzikolo, ndipo zina, monga WLW ku Cincinnati ndi WBZ ku Boston, zinamangiridwa zipinda zokutidwa ndi chitsulo, zokhala ndi makina apadera oulutsira mawu, jenereta ndi mafuta.

Ena amati ndalamazi zikutayikira chinthu chachikale, popeza aliyense ali ndi foni. Koma foni imadalira nsanja zikwizikwi, makompyuta ndi magetsi, ndipo zonsezi n'zosatheka kuzikuta ndi chitsulo. Komatu makina amodzi oulutsira mawu pa wailesi ya AM amamveka m'zigawo zingapo za dzikolo. Ena amafunsa kuti adzamvera ndani mawailesi a m'nyumba akapsa. Wailesi yaing'ono ya mabatire, yosalumikizidwa ku magetsi, ilibe waya wautali wokokera mphamvuyi, motero mwayi wake wopulumuka ndi waukulu. Kuteteza nyumba zochepazi ndiyo njira yotsika mtengo yoti boma lilankhulebe ndi anthu zina zonse zitaima.