Mbiri Yoyeretsa Madzi a Suweji mu Blantyre

Suweji ya mu Blantyre inakula pamodzi ndi tauniyo, makamaka Blantyre ndi Limbe ataphatikizidwa mu 1956. Mapaipi anayalidwa m'kati mwa tauni, kumayadi ndi kumafakitale, ndipo madzi oipa anayamba kupita ku Manase m'mbali mwa mtsinje wa Mudi, ku Soche kufupi ndi Zingwangwa, ndi ku Limbe.

Njira imene inakhazikitsidwa ku Manase ndi ku Soche inachokera ku England, kumene inayamba m'zaka za m'ma 1890. Madzi amayamba adikha m'matanki kuti zolemera zitsike pansi. Kenako mapaipi oboolaboola amazungulira pang'onopang'ono n'kumawaza madziwo pa miyala younjikidwa m'thanki yaikulu. Mwala uliwonse umakutidwa ndi zinthu zoterera, momwe mumakhala mabakiteriya osawerengeka. Amenewa ndiwo eni ntchito: amadya zonyansa pogwiritsa ntchito mpweya wodutsa m'mipata ya miyalayo. Ku Limbe kunakumbidwa maiwe, momwe ndere zimapanga mpweyawo dzuwa likamawala.

Zinthu zinasintha mafakitale atachuluka ku Makata, m'munsi mwa Ndirande. Fakitale yansalu ya David Whitehead & Sons inatsegulidwa mu 1967, yamowa ya Carlsberg mu 1968, ndipo ena anatsatira. Madzi a m'fakitale ndi nkhani ina. Zotsalira pofulula mowa kapena pokonza mkaka mabakiteriya aja amazidya bwino, bola zisabwere zambiri nthawi imodzi. Utoto wa nsalu ndi mafuta a makina amalimbana nazo movutikira. Koma zitsulo monga mtovu sizigayika n'komwe. Zimangokhazikika m'matope kapena kudutsa n'kukagwera mumtsinje, ndipo zikachuluka zimapha mabakiteriya omwewo. N'chifukwa chake fakitale imayenera kuyamba yachepetsa ululu wa madzi ake isanawatayire m'mapaipi a khonsolo.

Lamulo loteteza chilengedwe la 1996, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2017, linaletsa kuwononga mitsinje, komabe lamulo silikonza paipi. Makina anakalamba, mapaipi ena anaphulika kapena kubedwa, moti mtsinje wa Mudi wakhala ukudziwika ndi fungo ndi thovu, makamaka m'chilimwe madzi akachepa.

Anthu ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri suweji sinawafikeko. Amadalira zimbudzi zokumba, momwe mabakiteriya osafuna mpweya amawoletsa zonyansa mwapang'onopang'ono, ndipo chimbudzi chikadzaza amaitana opopa kapena kukumba china.