Mlangizi wa ndalama amalipidwa ndi ndani?

Ku Rimuka m'tauni ya Kadoma ndi ku Pfupajena ku Chegutu, m'dziko la Zimbabwe, kuli mabanja ambiri amene agogo awo anachokera ku Nyasaland kudzakumba golide m'migodi monga Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari, kale matauniwa akutchedwa Gatooma ndi Hartley. Ambiri alibe munda kumudzi woti akapumireko akakalamba. Kandalama kamene asunga ndiko munda wawo, ndipo ofuna kuwalangiza za kandalamako sasowa.

Koma amene timawatcha alangizi si anthu amodzi. Woyamba kufika pakhomo, fomu ili m'manja, amakhala ejenti. Ameneyu ndi wa kampani ya inshuwaransi, amadya komishoni pa munthu aliyense amene wamulembetsa. Si wakuba ayi, koma sangakuuzeni kuti kampani ina ndi yotsika mtengo. Buloka amayenera kuimira inuyo ndi kukufufuzirani m'makampani angapo, ngakhale naye komishoni yake imachokera ku kampani imene wakusankhirani. Onse awiri ayenera kukhala olembetsedwa ku IPEC, bungwe loyang'anira inshuwaransi ndi penshoni. Mlangizi weniweni wa masheya amapatsidwa chiphaso ndi Securities and Exchange Commission of Zimbabwe, koma otere ngochuluka ku Harare, ndipo mayi wogulitsa tomato sawaonera phindu. Ndiye funso loyamba n'lopanda ulemu pang'ono, koma lifunseni basi: “Bambo, ndikasaina pano, inu mulandira zingati, kuchokera kwa ndani?”

Lachiwiri n'lakuti lonjezolo lalembedwa m'ndalama yanji. Kuno mawu akuti kugwa mphamvu kwa ndalama safuna mphunzitsi. Boma lenilenilo linati pofika mu Julaye 2008 mitengo inali itakwera ndi maperesenti 231 miliyoni pa chaka. Dziko litayamba kugwiritsa ntchito madola a ku America mu 2009, anthu amene anadulidwa penshoni zaka makumi atatu anapeza kuti yawo siikwana ndi thumba la ufa lomwe. Madandaulo anachuluka mpaka mu 2015 panakhazikitsidwa komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi woweruza wopuma George Smith. Mu Febuluwale 2019 madola a m'mabanki anasandutsidwa ndalama ya m'dziko yotchedwa RTGS. Mu Epulo 2024 kunabwera ndalama yatsopano ya ZiG, ndipo Seputembala asanathe inali itatsitsidwa ndi maperesenti opitirira 40. Wina akakulonjezani chiwongoladzanja chonona koma osatchula mtundu wa ndalama, sanakuuzeni kanthu.

Pali mawu enanso amene maejenti amawadutsa mothamanga: kufa kwa pangano. Pulimiyamu, ndalama ya mwezi ndi mwezi ija, mukaidumphitsa miyezi ingapo, inshuwaransi ya maliro imatha kuzima, zonse munaperekazo n'kupita. Kwa mkorokoza, wokumba golide payekha, amene mwezi uno wapeza golide, wa mawa n'kubwera chimanjamanja, chiganizo chimenechi n'chofunika kuposa chithunzi cha bokosi lonyezimira pa kabuku kotsatsira.

N'chifukwa chake ambiri amadalirabe njira zapansi. Mabungwe a maliro, amene anthu obwera ankayambitsa m'makomboni a migodi kuti mnzawo asaikidwe ngati galu kudziko la eni, akadalipo. Chipereganyu, chimene kuno amati maraundi, chilibe chiwongoladzanja: mumangopatsana mtolo mosinthana. Mukando ndiye banki m'khonde ya kwathu, mumasonkha, kubwereketsana, n'kugawana phindu chaka chikamatha. Chimbadzo ndi katapila, ndipo chikole chake nthawi zambiri chimakhala wailesi yakanema kapena khadi la kubanki. Ine ndimaona kuti msungichuma wa mukando, amene amawerenga madola pamphasa onse akuona ndi kulemba m'kope, amaposa alangizi ambiri a mataye, chifukwa ndalama zake zili m'bokosi lomwelo. Chofooka chake n'chakuti akathawa nalo bokosilo, IPEC sizikuikhudza. Mlandu umathera kupolisi kapena kukhoti la milandu ing'onoing'ono.