Mkangano wa Loko pa Masewera a Shadowrun Returns

M'chaka cha 2012, anthu oposa 36,000 anasonkhera kampani ya ku America ya Harebrained Schemes madola oposa 1.8 miliyoni kudzera pa Kickstarter, kuti ipange masewera a pakompyuta otchedwa Shadowrun Returns. Osonkhawo analonjezedwa masewera opanda DRM, loko woletsa kukopera amene kawirikawiri amasautsa ndi wogula wachilungamo yemwe. Koma mu Epulo 2013 kampaniyo inaulula kuti pangano lake ndi Microsoft, mwini ufulu wa dzina la Shadowrun pa masewera a pakompyuta, linkalamula kuti zigawo zowonjezera zam'tsogolo zikhale ndi loko. Osonkha ambiri anakwiya, ndipo m'pomveka: ndalama anapereka chinthucho chisanapangidwe n'komwe, pongodalira lonjezo. Kampaniyo inakakambirananso ndi Microsoft, ndipo mu Novembala chaka chomwecho inalengeza kuti lamulo lija lachotsedwa.