Zaka 25 za geocaching: phiri la Zomba linatsalira pati?

Mu May 2025 masewera otchedwa geocaching anakwanitsa zaka 25. Kwa amene sanawamvepo, amayenda motere: munthu amabisa kabokosi penapake, m'kati mwake muli kabuku kosainamo ndi tinthu tosakwera mtengo, kenako amalengeza pa intaneti manambala osonyeza pomwe kali. Wina amatenga manambalawo, n'kuwalowetsa mu foni, n'kuuyamba ulendo. Akakapeza amalemba dzina m'kabukumo, akafuna amatengamo kanthu n'kusiyamo kena, n'kukabwezera pamalo pake. Mphotho palibe. Timabokosi totere tilipo toposa 3 miliyoni m'maiko oposa 190.

Mukatsegula mapu a masewerawa, Germany ndi United States zimachita kuda bii ndi timadontho, ndipo South Africa ili ndi masauzande. Kuno kwathu ku Malawi ndi apa ndi apo. Komatu phiri la Zomba lili ndi zonse zomwe osewera amafuna: mathithi, madamu, njira zapansi, malo oonera patali, ndiponso tauni ya anthu oposa 100,000 yokhala ndi yunivesite m'tsinde mwake.

Mukafunsa chifukwa chake, yankho limabwera msanga. Akuti ndife osauka, mafoni amakono ndi ochepa, bandulo ndi yodula, netiweki imathawa ukangolowa m'nkhalango. Ine yankholi silindifika pamtima. GPS siidya bandulo. Foni imangomvetsera masetilaiti omwe amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo ikamva anayi imadziwa pomwe yaima, kaya netiweki ilipo kaya palibe. Mapu a OpenStreetMap munthu amatha kuwatsitsa kamodzi ali m'tauni kudzera mu OsmAnd kapena Organic Maps, n'kumawagwiritsa ntchito miyezi. Pulogalamu ya c:geo, yomwe osewera ambiri a mafoni a Android amaikonda, ndi yaulere. Ophunzira a payunivesite ku Chirunga omwe amaonera mpira pa foni usiku wonse sangalephere kutsitsa mapu a phiri limodzi. Vuto lili pena, ndipo kuti tilione tiyenera kubwerera m'mbuyo, masetilaiti asanabwere.

Amang'anja, ndi Ayao omwe anafika m'dera lino cha m'ma 1860, ankasunga mapu a phirili m'mutu ndi m'mayina. Mulunguzi, Domasi, Likangala, Malumbe, Chiradzulu, Chagwa: aliyense wokulira m'tsinde ankadziwa komwe mtsinje ukuchokera ndi komwe nsonga yaima. Dzenje la Chingwe lili ndi nthano zake za anthu omwe akuti ankaponyedwamo, ndipo akuluakulu amazifotokoza mosiyana. David Livingstone anafika pa nyanja ya Chilwa mu April 1859, phirili likumuyang'ana.

Zolembedwa zinachuluka Zomba itakhala likulu la atsamunda mu 1891, pansi pa Harry Johnston. Nyumba yomwe John Buchanan anamangira kazembe wa Britain zaka zochepa izi zisanachitike ndiyo tikuidziwa lero kuti Hotel Masongola. Alexander Whyte anayambitsa munda wa zomera m'mbali mwa Mulunguzi. Mu 1913 phirili linalengezedwa kuti ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo m'zaka zotsatira udzu wa pamwamba pake unayamba kulowedwa m'malo ndi mitengo ya paini yochokera ku Mexico. Apa ndi pomwe panayambira kuyenda m'phiri kongosangalala. Akuluakulu a boma ankakwera Loweruka kukawedza nsomba za trout ndi kukapitidwa mphepo, pomwe eni dera ankakwera phiri lomwelo atasenza katundu. Njira yotsetsereka yomwe imatchedwa Potato Path dzina lake linachokera kwa alimi omwe ankatsitsa mbatata kupita nayo kumsika.

Mayina atsopano nawo anabwera ndi alendo. Queen's View ndi chikumbutso cha amayi ake a Mfumukazi Elizabeth omwe anacheza kuno mu 1957. Emperor's View ndi ya Haile Selassie wa ku Ethiopia, yemwe anabwera mu 1965. Ndiye kuti malo awiri otchuka koposa paphiri, oonera Chilwa ndi Mulanje, amadziwika ndi mayina a anthu omwe anaimapo kanthawi kochepa chabe.

Oyeza malo anamanga mabikoni a simenti pansonga zamapiri, ndipo pa iwo ndi pomwe panakhazikika mapu a 1:50,000 omwe ana asukulu amaphunzirira Geography mpaka lero. Mapu amenewo anayezedwa pa muyezo wakale wa Arc 1950, pomwe GPS imagwiritsa ntchito WGS 84. Wotenga manambala pa mapu akale n'kuwalowetsa mu foni osasintha muyezo amatha kuphonya malo ndi mamita oposa 100, zomwe m'mphepete mwa phompho la Chingwe, kukuta chifunga, si nkhani yoseka. Mabikoni otere m'maiko ambiri a chigawo chino cha Africa anagumulidwa ndi anthu omwe anamva mphekesera yakuti azungu anabisamo mekyule kapena ndalama. Chikhulupiriro chakuti mzungu sangasiye chinthu m'tchire popanda chuma n'chakale, ndipo kabokosi kalikonse kobisidwa pansi pa mwala kamakumana nacho.

Nako ku England kunali kale masewera ofananako. Mu 1854 munthu wina woperekeza alendo ku Dartmoor, James Perrott, anasiya botolo pamalo ovuta kufika otchedwa Cranmere Pool kuti ofikako aziponyamo makadi a mayina awo. Tisaiwale mfundo imeneyi: woyambitsa anali gaidi, mwini dera, yemwe ankadziwa kuti alendo akakhala ndi chopitira, iye apeza ntchito.

Tsopano chaka cha 2000. GPS ndi ya asilikali a America, ndipo mpaka nthawiyo ankaisokoneza dala kuti munthu wamba aziphonya ndi mamita pafupifupi 100. Pa 2 May 2000, molamulidwa ndi Pulezidenti Bill Clinton, kusokonezako kunathetsedwa, ndipo kuphonya kunatsika kufika pa mamita 10 kapena kuposerapo pang'ono. Mawa lake, pa 3 May, Dave Ulmer anakwirira ndowa yakuda pafupi ndi Beavercreek ku Oregon, m'kati muli mabuku, makaseti a kanema, legeni ndi chitini cha nyemba, pofuna kuyesa ngati ena angaipeze. M'masiku ochepa inapezeka. Pofika September chaka chomwecho Jeremy Irish anali atatsegula Geocaching.com ku Seattle, komwe mpaka lero kumasungidwa mndandanda waukulu.

Nthawi yomweyo ku Zomba ntchito yomanga damu lalikulu la Mulunguzi inali kumapeto, ndipo msewu wokwera phiri unali utakonzedwa. Likulu linali litasamukira ku Lilongwe mu 1975, Nyumba ya Malamulo inatsatira pambuyo pa 1994, ndipo tauni inali itayamba kuyang'ana kwa ophunzira ndi alendo kuti ipeze chodyera. Paini wa paphiri anali atakhwima, wamtali, wamthunzi. Munthu akanati abise kabokosi mu 2001 akanalemba mosavuta chithandizo cholozera pomwe kali: patsinde la mtengo wachitatu kuchoka pamphambano.

Chithandizo chimenechi n'chofunika kuposa mmene osadziwa masewerawa amaganizira. Foni imakufikitsa pa bwalo la mamita asanu kapena khumi, pansi pa mitengo yowirira mwina kuposa. Kuchoka apo maso ndi mawu a wobisa ndiwo amagwira ntchito: chitsa chobooka, mwala wosweka pakati, mizu ya mkuyu. Masewerawa amafuna malo okhazikika, oti chomwe chinalipo chaka chatha chipezekenso chaka chino.

Phiri la Zomba linasiya kukhazikika. M'zaka za m'ma 2000 ndi 2010 paini anadulidwa chigawo ndi chigawo. Kudula pakokha sikunali kulakwa, popeza paini anadzalidwira matabwa ndipo akafika zaka 25 kapena 30 amayenera kukololedwa. Cholakwika chinali liwiro lake ndi zomwe zinatsatira. Ocheka matabwa anamanga misasa m'nkhalango, ena ndi chilolezo ena opanda. Macheka a pamanja anagonja kwa makina. Magalimoto ankatsika atadzaza matabwa, ndipo m'njira zapansi munkadutsa amuna osenza mapulanga pamutu, amayi a mitolo ya nkhuni, ndi njinga zomangidwa zipika mpaka woyendetsa osaoneka. Tauni inkakula, nyumba zikumangidwa, ndipo m'dziko momwe kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi banja limodzi lokha mwa mabanja khumi ndilo limaunikira magetsi a pa nthambo, nkhuni ndi makala sizisowa wogula.

Kudzala kunatsalira m'mbuyo. Pomwe mbande zinadzalidwa, kupalira ndi kulambula njira zotchinga moto kunkafuna ndalama ndi antchito chaka ndi chaka, ndipo ntchito imeneyo ilibe phwando loitanira atolankhani ngati tsiku lodzala. Ikafika September mpaka November moto umakwera phiri, wina woyatsidwa ndi osaka mbewa, wina ndi okwiya pa nkhani za malipiro kapena malire, wina wongothawa m'minda. Anthu a m'tauni amauona usiku ukuyenda ngati mkanda wofiira pakhosi pa phiri. Mbande ya zaka ziwiri siipulumuka. Paini atachepa, nkhwangwa zinatembenukira ku mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa mitsinje, yomwe ndiyo imasunga madzi a damu lomwe tauni yonse imamwa.

Nkhaniyi ili ndi umboni wochuluka kuposa nkhani ina iliyonse ya phirili, ndipo umboniwo unachokera kumwamba komwe kumachokera GPS. Zithunzi za masetilaiti a Landsat zinatsegulidwa kwaulere mu 2008. Global Forest Watch, yomwe mapu ake a pa intaneti anatsegulidwa mu 2014, imaonetsa chaka ndi chaka, kuyambira 2001, pomwe mitengo yatha. Pa Google Earth munthu amatha kubweza zaka m'mbuyo n'kuona zigawo zobiriwira zikusanduka zotuwa. Zipangizo zodziwira zomwe zikuchitika zinalipo. Zomwe zinasowa ndi mgwirizano wakuti phiri lili ndi phindu lina loposa matabwa, komanso kuti phindulo lifike kwa anthu a m'tsinde. Lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, mbali yaikulu ya paini wakale itatsika kale.

Phirili linasinthapo nkhope kale. Mu December 1946 Napolo anatsika ndi mvula yoopsa, anakokolola milatho ndi kupha anthu m'tauni. Koma Napolo anadutsa masiku awiri. Kutha kwa mitengo kunatenga zaka zoposa khumi, tonse tikuona.

Malamulo a geocaching nawo amaonetsa pomwe nsapato ikuthina. Kabokosi sikakwiriridwa pansi masiku ano, ngakhale koyamba kanakwiriridwa. Kamayenera kutalikirana ndi kanzake mamita 161. Wobisa amayenera kupeza chilolezo kwa eni malo, ndipo m'nkhalango yotetezedwa eni malo ndi a zankhalango. Koposa zonse, amayenera kumakayendera, kusintha kabuku kakanyowa, kubwezeretsa kakasowa. N'chifukwa chake oyang'anira masewerawa amakana kabokosi ka mlendo wongodutsa, pokhapokha atatchula munthu wa m'deralo woti azikasamalira. Mlendo wa ku Europe yemwe wagona masiku atatu ku hotelo ya Ku Chawe sangazike masewerawa. Angawazike ndi munthu wa ku Matawale, ku Chinamwali kapena ku Chikanda yemwe amakwera phiri mwa kufuna kwake.

Anthu otere alipo, koma ambiri amakwera kukagwira ntchito. Magaidi omwe amadikira alendo pamwamba amadziwa njira yachidule yopita ku Williams Falls, malo omwe anyani amakonda, ndi ola lomwe chifunga chimatseka nsonga ya Malumbe, yomwe ndi yotalika mamita oposa 2,080. Ogulitsa sitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu amadziwa kanjira kalikonse. Ena amaopa kuti foni idzalanda ntchito ya magaidi. Ine ndikuona mosiyana. Pomwe mitengo yadulidwa, misewu ya magalimoto a matabwa yang'amba njira zakale, ndipo mzere wa pa mapu a mu foni umatha kukulowetsa m'tchire la minga lomwe zaka zisanu zapitazo munali mthunzi. Mapu amakalamba msanga paphiri lino kusiyana ndi gaidi. Chachilendo n'chakuti OpenStreetMap, yomwe inayamba mu 2004, imalola aliyense kuwonjezera njira ndi mayina. Gaidi wa foni wamba akhoza kujambula njira yomwe wayenda, n'kuika dzina la Chichewa kapena la Chiyao pa mathithi omwe mabuku a alendo sanawatchulepo. Ndi ntchito yomwe makalabu a ophunzira ndi mabungwe odzala mitengo, omwe tsopano amakonza ngakhale mipikisano yothamanga paphiri pofuna kupeza ndalama zotetezera moto, akanaigwira limodzi ndi magaidiwo.

Pali mtundu wina wa masewerawa womwe moto sungautenthe. Unayamba mu 2004 mothandizana ndi Geological Society of America, ndipo umatchedwa EarthCache. Sipakhala kabokosi. Osewera amafika pamalo, amayang'ana miyala, n'kuyankha mafunso omwe wokonza anafunsa, monga mtundu wa mwala, kukula kwa timakristo take, kapena mmene madzi anaubowolera. Phiri la Zomba ndi la mwala wa syenite ndi granite womwe unazizira pansi pa nthaka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo miyala ya quartz ndi aegirine yochokera mbali ya Malosa, yomwe anyamata amagulitsa pafupi ndi Dzenje la Chingwe, imadziwika kwa osonkhanitsa miyala kunja konse. Wofuna kukonza EarthCache pamenepo amafunika kalata ya chilolezo, manambala a malo otengedwa pa WGS 84, phunziro lalifupi la mmene mwalawo unapangikira, ndi mafunso oti munthu sangawayankhe ali pa mpando ku Blantyre. Dipatimenti ya Geological Survey, yomwe imasunga mapu a miyala ya dziko lino, likulu lake lili mu Zomba momwemo.