Mabuku a Nkhondo ndi Anthu Osatchulidwa Maina



Ambiri mwa ife timakonda kuwerenga mabuku a mbiri ya nkhondo. Inenso ndimawakonda, ndipo sikulakwa ayi, pakuti ngakhale m'Baibulo muli Mabuku awiri a Amakabeo amene adzaza ndi nkhondo. Koma tidzifunse: powerengapo, timafunamo yani?

Taganizani za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya. Inafika kuno m'chaka cha 1914. Mu Ogasiti sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani panyanja yathu, ndipo mu Sepitembala asilikali anamenyana ku Karonga. Mabuku ambiri amatamanda nzeru za akuluakulu a nkhondo monga von Lettow-Vorbeck. Komatu nkhondoyo inayenda pamitu ya atengatenga. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anasenza ufa, mpunga ndi zipolopolo, ambiri mokakamizidwa, pakuti boma linkalamula mafumu kuti apereke anthu. Ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo. Kumudzi minda inagonera, amayi nkumalera ana okha.

Mu Novembala 1914 John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufa pa nkhondo yosakhala yao. Mu 1917 Papa Benedikto XV analembera atsogoleri a maiko omenyanawo, nawauza kuti kuphanako nkopanda pake. Iwo sanamve, ndipo magazi anakhetsedwabe mpaka Novembala 1918.

Tsono buku labwino la nkhondo ndi limene litikumbutsa anthu wamba amenewa. Melvin Page anachita chomwecho: anakhala pansi ndi nkhalamba zimene zinaona nkhondoyo, nalemba zokamba zao m'buku lake, The Chiwaya War, la m'chaka cha 2000.

Yuda Makabeo atatha kumenya nkhondo anasonkhanitsa ndalama, nazitumiza ku Yerusalemu kuti aperekere nsembe asilikali ake amene anafa. Nafenso tikatseka buku tisangoti nkhani yakoma. M'mwezi uno wa Novembala, mwezi wa mizimu, funsani agogo dzina la mbale wanu amene anapita ku utengatenga osabwerako, ndipo mukalitchule pa Misa. Ambuye awapatse mpumulo wosatha. Amen.