Khola la pamwamba pa phiri: mmene caribou a ku Klinse-Za anapulumukira

M'chaka cha 2013, owerenga nyama m'mapiri a Klinse-Za, m'chigawo cha British Columbia ku Canada, anapeza caribou 38 okha. M'ma 1990 nyamazi zinalipo pafupifupi 250. Caribou ndi nyama yonga mphalapala, ya kumaiko achisanu, ndipo pa mtundu wake wonse ndi yokhayi imene yaikazi nayonso imamera nyanga.

Eni nthaka kumeneko, a West Moberly ndi a Saulteau, analiona tsokali likadali kutali. Makolo awo ankadya nyamayi, kuvala zikopa zake ndi kusema zida ndi mafupa ake. Pangano la Treaty 8 la mu 1899 linawalonjeza kuti ulenje wawo sudzasokonezedwa. Koma damu la W.A.C. Bennett, lomwe linatha kumangidwa mu 1968 pa mtsinje wa Peace, linamiza zigwa n'kudula njira zimene nyamazi zinkadzera. M'ma 1970 akuluakulu a West Moberly analamula kuti ulenje wa caribou uyambe waima. Palibe boma linawakakamiza. Anadzimana okha ndiwo, pamene odula mitengo, a migodi ya malasha ndi ofuna gasi ankalowerabe m'nkhalango.

Chimene chinkamaliza nyamazi n'chovuta kuchiona ndi maso. Nkhalango yakale ikagwetsedwa, pamaphuka zitsamba zanthete zimene zimakopa nyama zina monga moose. Kumene kwachuluka nyamazo, mimbulu nayo imaswana. Ndiye misewu ya makampani aja inasanduka njira yachidule ya mimbulu yokwerera kumapiri kumene caribou ankabisala ndi ana awo. Caribou amabereka mwana mmodzi pa chaka. Sangapikisane ndi msampha wotere.

Mitundu iwiriyi inakana kungoyang'ana. Mu 2013 ntchito yochepetsa mimbulu inayamba, ndipo mu 2014 anamanga khola lalikulu pamwamba pa phiri. Chakumapeto kwa nyengo yachisanu, zazikazi zabere zimagwidwa ndi ukonde kuchokera mu helikoputa n'kukatsekeredwa m'kholamo. Alonda a m'midzi yomweyo amagonera komweko, usiku ndi usana, kupirikitsa mimbulu ndi zimbalangondo. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chakudya chake: anthu amatola ndi manja ndere zimene nyamazi zimakonda, thumba ndi thumba, ngati mmene mayi amafunira ndiwo za wodwala. Ana akalimba miyendo, patapita miyezi ngati iwiri, khola limatsekulidwa.

Pofika 2021 gululi linali litakwana 101. Mu 2020 mitunduyi inasainirana pangano ndi boma la Canada komanso la British Columbia loteteza malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 8,000.

Kupha mimbulu kwautsa mkangano waukulu, ndipo odandaulawo ali ndi mfundo: mmbulu sunagwetse mtengo ngakhale umodzi. Ine ndikuona kuti khola ndi mfuti n'zongogwiriziza moyo wa wodwala. Mankhwala enieni ndi nkhalango yokhwima, yomwe imafuna zaka makumimakumi kuti ndere zibwerere, ndiponso kutseka misewu yakale ija.

Padutsa zaka pafupifupi 50 chiletsere akuluakulu ulenjewo, ndipo ku West Moberly kuli anthu a imvi amene sanalawepo nyama imene agogo awo anakulira.